Fomu ya Nyumba Nambala 14

Chaka chilichonse, mvula isanagwe,
a Chimbalanga amatsika minibasi pa boma la Nkhotakota,
fomu m'chikwama, nsapato zitayera fumbi,
nandifunsa ngati sitinaonanepo:
Ndinu a Twaibu, eti? Mlonda wa nambala 14?

Ndine ndemwe, bwana. Makiyi ndi awa,
asanu ndi awiri,
ngakhale zitseko zatsala zinayi.

Funso loyamba: denga lili bwanji?
Pafomu pali timabokosi titatu,
labwino, lapakatikati, loipa.
Palibe kabokosi ka mabeseni asanu
amene ndimabwereka kwa mayi Mwanaisha Disembala akafika,
palibe ka mileme yogona chadodolido pa mtanda,
lendi osalipira.
Achonga lapakatikati.

Ndinapemphapo malata awiri ndi misomali yodzaza dzanja.
Yankho linabwera ndi chidindo chofiirira:
nyumbayi ndi chuma cha fuko,
musakhomepo kanthu popanda chilolezo cha likulu.
Chiswe sichinalandire kalatayo.
Icho chimalowa ntchito usiku, Lamulungu lomwe,
sichidikira bajeti.

Funso lachiwiri: alendo angati chaka chino?
Nditsegula buku, masamba ake onunkha chinyontho.
Azungu atatu apanjinga, mmodzi analemba kuti n'zokongola.
Ana asukulu makumi anayi a ku Linga,
anasiya zisononkho pakhonde
ndi dzina la Zainabu lolembedwa ndi khala kuseri.
Mbuzi za a Kalichero zimabwera tsiku ndi tsiku
koma sizisayina.

Funso lachitatu: mbiri ya nyumbayi mwachidule.
Malo ake mizere iwiri.

Chikwangwani chanu chimati
inali ofesi ya msonkho nthawi ya atsamunda.
Sichinena anaponda dothi ndani,
anasenza njerwa pamutu ndani kuchokera kudambo.
Kachipinda ka kumbuyoko, kopanda zenera,
kamene pamapu anu munakatcha sitolo,
m'menemo anagona agogo a bambo anga, Sumaili,
masiku khumi ndi limodzi,
mlandu wake mashilingi atatu.
Potuluka anapeza mpheta zitakolola mpunga wawo.
Pakhoma, m'munsi, pamene pamafika dzanja la munthu wogona,
pali timizere tokanda ndi kamwala.
Chaka chatha atabwera opaka laimu
ndinavundikira ndowa pamenepo, n'kukhalapo,
ndinati msana ukundipweteka,
mpaka anatsuka maburashi awo n'kumapita.

A Chimbalanga ayang'ana wotchi.
Zimenezo zilibe umboni wolembedwa, a Twaibu.
Komabe alowa.
Agwada, buluku lositidwa ligunda ndowe za mileme,
ayatsa tochi ya pafoni,
chala chiyenda pang'onopang'ono ngati cha mwana wa sitandade wani.
Afika pa khumi ndi kamodzi.
Sayankhula.
Kenako atembenuza fomu
nalemba kumbuyo kwake, kopanda timabokosi,
nthawi yaitali, mpaka bolopeni ikana,
aipumira mpweya, apitiriza.

Sindikudziwa ngati kulikulu amatembenuza mapepala.

Anzanga pa bawo amandiseka:
iwe ukulondera ndende ya agogo ako,
malipiro omwe amafika mwezi utafa kawiri!
Wina wa malole anabwera n'kuyeza khonde ndi mapazi,
akuti pangakhale mosungira matumba a mpunga,
boma lingomubwereka, adzapaka penti yabuluu.
Ndinamupatsa adiresi ya likulu.
Kwa nthawi yoyamba ndinathokoza
kuti kumeneko makalata amagona zaka.

Ine sindiikonda nyumbayi.
Ndimaisesa m'mawa ngati mmene umasambitsira
mkulu amene anakulanda munda,
wadwala tsopano, abale ake ali kutsidya la nyanja zamchere,
ndipo mboni ya mlandu wako watsala yekhayo.

A Chimbalanga akwera minibasi ya folo koloko.
Mitambo yayamba kusonkhana cha ku Ntchisi.
Ndikhome zitseko zinayi zija,
ndidutsire kwa mayi Mwanaisha.
Chaka chino ndipempha mabeseni asanu ndi limodzi:
kwayamba kudontha ku sitolo.